Kamluzu ka Bambo

Mumsewu wonsewo amamutchula kuti Makutu, ndipo dzinalo silimupweteka. Kachipinda kake kali kuseri kwa malo ometera tsitsi: tebulo, kompyuta yong'aluka pakona, masipika awiri osafanana ndi makatoni a mazira omata kukhoma. Ntchito yake ndi kutsuka mawu. Oimba amabwera ndi nyimbo zojambula pafoni, zodzaza mphepo ndi atambala a aneba. Iye amatsegula pulogalamu ya ikwalaiza, kuika sefa yodula kung'ung'uza kwa pansi, kutsitsa zolasa m'khutu za pamwamba, basi munthu n'kumveka ngati wa pawailesi. Vuto lake ndi limodzi, amayamba kudula asanamvetsere. Ngakhale mkazi wake akamalankhula, chala chimayenda chokha patebulo kufuna potsitsira.

Tsiku lina kunabwera mayi ake, foni ya malemu bambo itakulungidwa m'kansalu. Bambowo anali telala, ndipo mawu awo anatsala pamalo amodzi okha: kauthenga komwe anajambula akusoka, kouza mayi kuti pobwera agule singano.

"Pafonipa ndikungomva phokoso," anatero mayi. "Ndikufuna ndiwamve bwinobwino bambo ako."

Makutu anamvetsera theka lokha, mutu n'kuyamba kumuwawa. Makina osokera ankagunda pansi, ndipo pamwamba pankalira kamluzu kotulukira pampata pomwe bambo anagulukira dzino lakutsogolo. Anadula makinawo. Kamluzuko anakasaka pamzere wa pasikirini mpaka kukapeza, n'kukakumbira kadzenje kopapatiza. Mawu anatuluka osalala, ndipo iye anadzitama mumtima powaveka mayi mahedifoni.

"Awa ndani?" anafunsa mayi.

"Ndi bambo, amayi."

"Bambo ako sanawerengepo nkhani pawailesi."

Anakweza besi, mawu apansi aja. Mayi anati wawanenepetsa. Anatsitsa. Anati wawapatsa chimfine. Anagwira zapakati, anati tsopano akumveka ngati akulankhulira mumtsuko. Munthu amene oimba amamuimira pamzere, lero akukonzedwa ndi mayi amene sadziwa ngakhale poyatsira kompyuta! Thukuta linamutsika mumsana. Anayesa kufotokoza kuti mzere ukakwera apa ndiye kuti chakuti, ukatsika apo ndiye kuti chakuti.

"Mwanangu, ine ndinakhala nawo m'nyumba mpaka kukalamba. Iwe ukundiuza za mizere?"

Apa m'pamene zinamukwana. Anazimitsa masefa onse, mzere n'kugona fulati, n'kuzula waya wa mahedifoni kuti zimveke pasipika.

"Ndiye mverani phokoso lanulo, amayi, ine zandikanika!"

Makina osokera anadzaza chipinda chonse, mpaka wometa tsitsi anaima ndi lumo lake kuseri kwa khoma. Kenaka bambo anatsokomola n'kuyamba za singano, kamluzu kakulira pakati pa mawu monga kankachitira akamamuitana Makutu ali mwana. Kafoni kaja kankangosowa mphamvu yokweza mawu, mawuwo analibe vuto.

Mayi anamvetsera mpaka uthenga unatha. Kenaka anayang'ana sipika.

"Singano zomwe mumataya nokha zija?" anatero, kuwayankha bambo. "Fufuzani pansi pa makinapo kaye."

Anapukuta m'maso ndi kansalu kaja n'kunena kuti abwereze. Makutu anabwereza. Kamluzu katalira, chala chake chinanyamuka chokha kulowera pomwe panali kadzenje kaja. Anachiona, n'kukhalira dzanjalo.