Njerwa ya m'invata ya alamu

Ndiulule uchitsiru wanga: ndinkakhulupirira kuti thiransifoma ili ngati nkhumba, ubwino wake ndi kulemera. Sindinali ndekha. Alimi a kwa Kaomba akafuna invata, kabokosi kosandutsa moto wa batire kukhala magetsi a m'nyumba, ankayamba ainyamula. Ikawakoka msana, ndiye kuti muli kopa weniweni.

Ntchito yokulunga mathiransifoma a m'mainvata ndinaipeza zaka za makuponi, chaka chimene dzina langa linasowa pamndandanda wa feteleza. Ndinapita pa boma kwa a Nyirongo, okonza mawailesi. Anayang'ana zala zanga zosoka fodya, amvekere, "Izi zikulunga waya." Anandiphunzitsa kukulunga waya pachikombole, kuwerenga mizere osaphonya, kuthinitsa timalata tapakati kuti tisamalire, kenako kumiza zonse mu vanishi. Sukulu ndinalekeza Sitandade 5, koma mizere ndinkawerenga bwino, bola pasadutse mayi wa zitumbuwa.

Waya a Nyirongo ankabwera naye okha, wofiira bwino ngati kopa. Bokosi ankatsekanso okha, kuseri. Likatuluka lolemera, ine ndinkati awonjezeramo nzeru za kusukulu.

Alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba, atagulitsa fodya anafuna invata ya paukwati wa mwana wawo. Ndinawasankhira yolemera kuposa zonse. "Alamu, iyi ndakulunga ndine. Ikafa mudzatenge mlongo wanu."

Tsiku la ukwati, perekaniperekani ali pakati, zokuzira mawu zinangoti zii, utsi tolo. Alamu anamasula bokosi pamaso pa anthu. Thiransifoma yanga inali itapserera, ndipo pambali pake anamangirirapo theka la njerwa. Atapala waya ndi mpeni, kufiira konse kunachoka, kunatsala aluminiyamu. Anthu odziwa bwino za miyala ya m'mabelo a fodya, kupusitsidwa ndi njerwa.

A Nyirongo analipo, tayi pakhosi, ntchafu ya nkhuku kumanja. Ndinawayang'ana kuti alankhule. Anapukuta pakamwa. "Ine ndimangogulitsa. Wokulunga ndi uyu."

Zaka zitatu a Nyirongo amenewa ndikuwatcha bambo. Kuyambira tsiku limenelo waya ndimayamba ndamupala, ndipo bokosi limene sindinatseke ndekha sindililumbirira.

Madzulo ake ndinati mawa kutchalitchi sindipita, mutu ukuwawa. Mayi a kunyumba sanatembenuke n'komwe. "Mupita, ndipo mukakhala benchi lakutsogolo, pafupi ndi achimwene. Mukabisala, njerwa ija ikhala yanu mpaka kumanda."