Mtengo womaliza ndinaumenya sitepula

Ntchito yanga yoyamba ku Nairobi ndinaipezera pa mipando ya pulasitiki. Kuno ndinabwera chotsatira mkazi wanga, ndipo kwa miyezi ingapo udindo wanga unali kutsegula ndi kutseka makatani kunyumba kwathu ku Roysambu. Ine, munthu wokulira pa kaunjika ku Limbe. Tsiku lina Amalawi a mpingo wathu ankabwereka mipando ya chinkhoswe, ndipo mwini wake atatchula mtengo, aliyense anangovomera. Ine ndinaseka, ndinati "punguza", ndiye kuti tsitsani m'Chiswahili, ndinanyamuka ngati ndikupita. Bamboyo anandiitana, mpaka anatiwonjezera tenti.

Mayi Mbewe, amene ankatsogolera kabungwe ka mipingo koona za maphunziro, ankaonerera zonsezi.

"A Kamanga, pakamwa panupa pakungowonongeka. Lolemba mubwere kuofesi."

Ndinapita nditatchena jekete, ndili ndi chikhulupiriro chonse kuti ndizikakambirana ndi akuluakulu. Anandionetsa makina a fotokope. Anandipatsanso sitepula yaikulu, kachitsulo kozulira mawaya ake, ndi maenvulopu a khaki. Anati miyezi itatu yoyamba ndi yondiyesa, ndipo chiphaso changa chogwirira ntchito chinali chomangirira pa ofesiyo. Kulakwitsa kunali kubwerera ku makatani.

Nthawi imeneyo aphungu ankakambirana zosintha lamulo la msonkho, kuti munthu amene akulipira fizi azichotseredwa gawo la msonkho wake. Momwe analembera poyamba, mwayiwo unali wa ana a ku yunivesite okha. Ife tinkafuna kuti alowemo a m'makoleji a ntchito zamanja, komanso anthu ogwira ntchito masana amene amadzilipirira okha sukulu yamadzulo. Komiti ya aphungu inatipatsa tsiku lokapereka maganizo athu.

Dongosolo lake Mayi Mbewe anandiphunzitsa kangapo. Chikalata chosayinidwa amanyamula okha, n'kukachipereka kwa kalaliki wa komiti kuti adindepo. Ine ndimachita makope a aphungu. Ndiwerenge masamba ndisanawaike m'makina, ndiwerengenso akatuluka, kenako waya umodzi pakona yakumanzere. Chikalata chathu chinali cha masamba asanu ndi awiri.

M'mawa wa tsikulo ndinatenga mulu wa mapepala pa pirinta, n'kuuponya m'makina. Pomwepo foni inalira. Anali woyendetsa takisi, ndipo mtengo umene anatchula unandinyoza. Ndinapanira foni paphewa n'kuyamba ntchito yanga yeniyeni. Dzanja linkamenya sitepula, pakamwa pakumenya mtengo. Ndinapambana, ndipo m'galimoto ndinawafotokozera mayi mmene ndapulumutsira bungwe.

Titafika ku nyumba ya malamulo ndinayala makope khumi ndi awiri patebulo, imodzi pa mpando wa phungu aliyense, n'kukakhala kumbuyo. Anayamba kulankhula a bungwe lina. Ine ndinatenga kope yotsala kuti ndidzipepese mphepo. Dzanja la munthu wa kaunjika limadziwa kulemera kwa chinthu maso asanaone. Kopeyo inali yonenepa.

Ndinatsegula kumapeto. Panali tsamba lachisanu ndi chitatu, lopanda nambala, limene mayi anadzilembera okha n'kulisiya pa pirinta. Linali ndi mizere iwiri: "Akatipanikiza, a sukulu yamadzulo titha kuwasiya. Pa makoleji a ntchito zamanja tisagonje."

Ndinaliwerenga kawiri. Ku Limbe mtengo womaliza suuza ngakhale mlamu wako. Ine ndinali nditaugawa kwa ogula khumi ndi awiri, womenya bwino waya pakona yakumanzere.

Ndinayenda chowerama mpaka pamene anakhala Mayi Mbewe, n'kuwaonetsa. Anawerenga osatembenuza khosi.

"Onse ali nalo?"

"Onse, mayi."

"Akamapita ku tiyi, muli ndi nthawi yokwana kapu imodzi."

Ndinabwerera kumbuyo n'kuyamba kulondera tebulo ndi maso. Phungu aliyense akagwira kope yathu, ndinkapemphera kuti asafike kumapeto. Wina anaitembenuza n'kulembapo nambala ya foni. Wina anaikapo botolo la madzi, ndipo ndinamudalitsa chamumtima.

Tcheyamani atalengeza tiyi, ndinathamangira kwa kalaliki n'kumuuza zoona, kuti pepala la ofesi lasochera m'makope. Anandiyang'ana ngati akuona munthu wovala malaya chotembenuza, koma anandilola. Ndinazungulira tebulo ndi kachitsulo kanga, kuzula waya, kusolola tsamba, kumenyanso. Pofulumirapo waya wina unandilowa m'chikhadabo. Khumi ndi imodzi ndinakwanitsa.

Yomaliza inali pansi pa chigongono cha phungu wina wachikulire, amene ku tiyi sanapite.

"Mheshimiwa, olemekezeka, ndikusinthireni. Iyi ndiye yooneka bwino."

"Yangayi ikuwerengeka bwino kwambiri," anatero. "Makamaka kumapetoku."

Ndinayesa kuseka, iye sanaseke. Ndinayesa njira yanga yakale, kutembenuka n'kuyamba kuchoka pang'onopang'ono. Moyo wanga wonse njira imeneyi inali isanandigwiritsepo fuwa la moto. Ndinafika pakhomo popanda wondiitana.

Nthawi yathu itakwana, Mayi Mbewe analankhula bwino kwambiri. Atamaliza, mkulu uja anavula magalasi.

"Mayi, tinene kuti tawalowetsa a makoleji a ntchito zamanja, koma a sukulu yamadzulo tawasiya. Bungwe lanu lingalire?"

"Bungwe silingalire," anayankha mayi. "Angalire ndi mlonda amene amachoka pa geti n'kulowa m'kalasi."

Analimbikira ndithu, koma aliyense amene anagulitsapo chinthu amadziwa maonekedwe a wogula amene wamva kale mtengo wako. Safulumira. Amangodikira kuti utope. Lipoti la komiti litatuluka, a ntchito zamanja analimo, a madzulo munalibe. Kaya akanawasiyabe popanda tsamba langa, sindidziwa, ndipo kusadziwako ndi kumene kumandiluma mpaka lero.

Tinabwerera m'takisi yanga yotchipa ija. Ine ndinkakonza mawu okauza mkazi wanga. Titalowa muofesi mayi anatseka chitseko.

"Pepala lija kulisiya pa pirinta ndinalakwa ndine," anatero. "Kusawerenga munalakwa ndinu. Sindikuchotsani. Koma Loweruka a sukulu yamadzulo akubwera kudzamva mmene zayendera, ndipo wowafotokozera ndinu."

Ndinafuna kunenerera, mwina tigawane, iwo ayambe ine ndimalize. Nditaona nkhope yawo ndinadziwa kuti apa palibe "punguza".

Loweruka anabwera, ena ali m'yunifolomu ya ulonda, ena ochokera ku saluni ndi ku magalaja. Ndinaima kutsogolo n'kuwauza zonse, za foni ndi za takisi zomwe. Palibe anandikalipira. Mayi wina wosoka zovala anangofunsa kuti, "Nanga takisiyo anakutsitsirani?" Ndinati eya. Anagwedeza mutu ngati akundiyamikira, ndipo ndikanakonda akanandimenya.

Papita zaka, ndipo tsopano ndine amene ndimakhala patebulo lakutsogolo. Pepala la mtengo womaliza ndimalemba pamanja, silifika pa pirinta, ndipo limagona m'thumba la malaya. Makope ndimawerengabe ndekha mokweza ngati mwana wa sitandade wani, foni ili m'dirowa. Ku Limbe ndikaphonya mtengo, wogona ndi njala ndinali ine. Pantchito iyi katundu amene ukunenerera ndi wa eni ake, ndipo eni akewo m'chipindamo mulibe.