A Girizi ndi Dzimbiri la Mdzukulu Wawo

Bambo anga anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi zinayi kushedi ya sitima, ndipo zaka zonsezo mdani wawo anali dzimbiri basi. Sanali oyendetsa sitima, ngakhale ife ana tinkanama choncho kusukulu. Ntchito yawo inali kulowa kunsi kwa injini ikabwera ku ulendo, kupala, kupukuta, kuthira mafuta ndi kumanga bawuti iliyonse yokhwepa. Anzawo anawapatsa dzina loti a Girizi, ndipo linawakanirira moti ngakhale malemu amayi akakwiya ankawaitana lomwelo.

Shedi itatsekedwa bambo anapuma ntchito, koma manja awo sanamve uthengawo. Kwathu chitseko sichilira. Mlendo akatsamiritsa njinga pakhomo amakaipeza tcheni chili noninoni. Tsiku lina anamasula geti la aneba osapempha, n'kulibweza madzulo litapakidwa penti, ndipo wokapepesa ndinali ine. Chimwalirireni amayi ndimakhala nawo ndine, choncho ndinganene mosabisa kuti bambo anga ndi munthu wabwino koma wosamva.

Mwana wanga wamkazi amaphunzira zojambula ndi zosema kukoleji. Chaka chake chomaliza anafunika kupanga chinthu chimodzi chachikulu choti aphunzitsi akachione, ndipo kukhoza kapena kulephera kwake kunali pa chinthu chimenecho. Iye anasankha za njanji. Anapempha chilolezo n'kukatola zitsulo zotayidwa kuseri kwa shedi yakale ndi kufakitale yosungunula zitsulo yomwe inatsekedwa chaka chimodzi ndi shediyo: mabuleki otha, masipuling'i, unyolo, zidutswa za njanji, ndi kachitsulo kolembedwa nambala ya injini. Zonsezi anaziwotcherera n'kupanga munthu wamtali wogwada, nambala ija ili pachifuwa.

Kuwotcherera kunatenga milungu itatu, koma dzimbiri linatenga miyezi isanu. Mmawa uliwonse ankapita kwa wowotcherera komwe chinthucho chinkakhala, n'kumachiwaza madzi amchere, pena viniga, kuti dzimbiri lituluke mitundumitundu, kwina lofiira, kwina lachikasu, kwina lakuda. Ine sindinkamvetsa, koma mwana ankabwera maso akuwala, ndiye ndinkangovomereza.

Kutatsala sabata kuti mayeso achitike, wowotcherera uja anafuna malo ake. Mwana anabweretsa chinthucho kunyumba pa lole, n'kuchiika kuseri, n'kuchifunditsa lona, n'kubwerera kukoleji. Sanawauze kanthu agogo ake. Inenso sindinawauze, ndipo mlandu umenewu ndimauvomera. Ndimachoka mmawa kupita kusitolo komwe ndimagulitsa nsalu, kubwera madzulo. Ndinkaona anzawo awiri akushedi akubwerabwera, ndinkati nkhalamba zikucheza. Lachitatu bambo anandituma parafini ndi sandipepa, ine n'kukagula ndi manja angawa osafunsa.

Loweruka mwana anafika ndi lole ndi anzake atatu akukoleji. Mayeso anali Lolemba. Bambo anali atavala ovololo yawo yakale yochapa bwino, ataima pafupi ndi lona manja kumbuyo, akumwetulira. Anachotsa lonayo okha.

Mayo ine! Chitsulo chija chinali mbee, kung'anima ngati poto watsopano. Dzimbiri lonse linali litapita. Miyendo anaipaka penti yakuda, mapewa yofiira, unyolo uli wonyowa ndi girizi. Nambala yapachifuwa anaipukuta mpaka munthu n'kudziona nkhope. Ndipo sizinathere pomwepo ayi. Mabuleki awiri omwe mwana anawaika chozondotsa kuti akhale ngati manja opempha, iwo anawadula n'kuwaikanso moyenera, monga amakhalira pa sitima.

Mmodzi mwa anzake a mwana anagwira pakamwa. Woyendetsa lole anazimitsa injini. Mwana wanga anangokhala pansi padothi pomwe anaimapo.

"Agogo," anatero, "mwatani?"

"Takukonzera," anayankha bambo monyadira. "Masiku asanu, anthu atatu. Ukanapita nacho chonchija akanakuseka, mdzukulu wanga."

"Dzimbiri lija ndiye linali ntchito yanga, agogo! Miyezi isanu! Ndinkachita kulithirira!"

Kumwetulira kunachoka pankhope ya bambo pang'onopang'ono. Anandiyang'ana ine, ngati akufuna kuti ndiwamasulire.

"Kulithirira?" anafunsa. "Dala? Iwe, mwanayu akuti ankathirira dzimbiri?"

"Bambo," ndinatero, "ndi mmene aphunzitsi ake amafunira."

"Aphunzitsi ati amenewo? Sukulu yophunzitsa ana kuwononga chitsulo?" Kenako analoza pachifuwa pa chinthucho. "Nambala iyi ukuidziwa? Injini imeneyi ndinaisamala ine zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Sinagonepo panjira ngakhale tsiku limodzi. Ndiye ukaiimike pamaso pa anthu itadyeka chonchija, adzati ankaisamala ndani?"

Mwana anangolira, kulira kosatulutsa mawu, ndipo anzake anakweza chinthucho pa lole mwakachetechete chifukwa panalibenso china chochita.

Lolemba madzulo anandiimbira foni. Aphunzitsi anayerekeza chinthucho ndi zithunzi zomwe ankapereka mwezi ndi mwezi, n'kunena kuti si ntchito yomweyo, ndiponso manja ake si omwe anaimaliza. Sanamuchotse sukulu, poti anafotokoza zoona. Koma anamuuza kuti ayambirenso, adzabwere nacho chaka chamawa. Anzake onse adzavala mikanjo yomalizira maphunziro iye kulibe.

Ndinawauza bambo mosawanyengerera. Ndinali nditakwiya, ndipo ndinalankhula mawu ena omwe mwana sayenera kuwauza bambo ake. Iwo sanandibwezere ngakhale limodzi. Anangofunsa kuti, "Chaka chathunthu?" Nditavomera analowa kuchipinda. Masiku awiri chakudya chinkabwerera mmene chapitira.

Lole itabweza chinthucho, mwana sanabwere nayo. Anati sakufuna kuchiona.

Mmawa wotsatira ndikukonzekera kupita kusitolo ndinamva kukwecha kuseri. Ndinathamanga, ndikuti ayambanso. Ndinawapeza bambo akupala penti yawo yomwe, yakuda ndi yofiira ija, thukuta lili kamukamu. Anatsuka girizi yense ndi parafini. Tsiku lachitatu anaitanitsa wowotcherera, n'kuima pomwepo akuonerera mabuleki akuzondotsedwanso monga analili pa zithunzi. Kenako anandipatsa foni yawo.

"Mufunse mdzukulu wanga kuti mcherewo amathira wochuluka bwanji."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Anabwereza. Mwana atamva funsolo anati masipuni anayi pa botolo limodzi, ndipo asachifunditsenso lona.

Tsopano yatha milungu itatu. Mmawa uliwonse a Girizi, bambo anga, amasungunula mchere m'botolo n'kupita kuseri. Ndinawasuzumira pawindo kamodzi, ndipo sindidzabwerezanso. Amawaza chitsulocho nkhope atayang'ana kumbali, ngati mayi wogwira mwana kuti abayidwe jakisoni. Akafika pa nambala ija amaima kaye, dzanja lili m'mwamba, kenako amawazanso pomwepo.

Dzulo analowa m'khitchini botolo lili m'manja, maso ali ofiira.

"Muimbire mdzukulu wanga," anatero. "Umuuze kuti dzimbiri layamba kugwira. Abwere adzaone ngati ndikulakwitsa."