Malaya a thumba la mchere

Ndikukumbukira, ngakhale mutu wangawu masiku ano ukudontha ngati denga la udzu wakale, kuti kwathu kunsi kwa phiri la Ndirande tinali ndi malaya amodzi okha a kusukulu, koma ovala tinali awiri, ine ndi achimwene anga a Yotamu. Nthawi imeneyo Kabula anali asanakhale tauni mukuidziwayi. Kunali nyumba zowerengeka za njerwa cha ku Mandala, timasitolo ta amwenye, ndi msewu wopita ku Limbe umene abambo ankaupondaponda tsiku ndi tsiku atasenza katundu wa eni ake. Anali amtengatenga, ndipo pa liwombo pawo tsitsi linali litagonja kalekale chifukwa cha nkhata.

Sukulu yathu inali kachisakasa ka mishoni, kopanda chitseko. Lamulo lake linali lakuti mwana asalowe chifuwa pamtunda. Ndiye tinkasinthana: lero ine, mawa achimwene. Wopitayo ankabwera kudzafotokozera mnzake zomwe waphunzira, akulemba pa dothi ndi kamtengo. Aphunzitsi athu, bambo wamtali wokhosomola nthawi zonse, ankazidziwa zonsezi. Ankangoti, "Pa banja panu wanzeru ndi malayawa, chifukwa ndiwo sajomba."

Tsiku lina m'nyengo yozizira, chiperoni chitaphimba phiri lonse, aphunzitsi analengeza kuti mawa kubwera mzungu wa mishoni kudzasankha anyamata opita ku makalasi apamwamba. Wosabwera, kapena wobwera wosavala, dzina lake lifafanizidwa. Linali tsiku langa, choncho uthengawo ndinafika nawo ndine.

Tinakhala pakhonde, mvula yamawawa ikungowaza osaleka. Abambo anali atangofika kumene ku Limbe, mapazi atatupa, ndipo ankafuna kuti nkhaniyo ithe msanga apume. Anati malayawo angodulidwa pakati, wina avale kutsogolo wina kumbuyo. Amayi anawafunsa ngati mzunguyo alibe miyendo yozungulira nayo kumbuyo kwa mwana. Achimwene anati ine ndinamizire kudwala. Ine ndinati adwale iwowo, pakuti ndiwo ankadya kwambiri. Kukabwereka kunalibe, chifukwa khomo lililonse lokhala ndi malaya linalinso ndi mwana wofuna kuwavala mawa lomwelo.

Mpamene amayi anayang'ana thumba lomwe abambo anabwera nalo. Linali la chiguduli, lochokamo mchere, ndipo mwenye wa sitolo anawapatsa chifukwa linali litabooka pangodya. Inu anzanga a msinkhu wanga mukudziwa chomwe thumba lotere linali kwa mayi wa pakhomo. Mchere wa m'sitolo sitinkauona kawirikawiri. Thumba likatha, amayi ankaliviika mumphika, madzi akewo n'kumathira mu ndiwo kwa masiku ambiri. Ankalikonzera zimenezo, koma anausa moyo, n'kutenga mpeni, n'kuboola pakhosi ndi pa mikono.

Bowo la pakhosi linachepa. Mutu wa achimwene, womwe mpaka lero uli ngati dzungu la kudimba, unakana kudutsa. Amayi anati akalikuza chiguduli chiyamba kumasuka ulusi, ndiye mlandu unatha popanda woweruza. Mutu wanga unalowa bwinobwino.

"Muliviike kaye," anatero abambo ali chigonere pamphasa.

"Ndi chiperoni ichi liuma liti? Mwana apite akudontha?" anayankha amayi.

Ine ndinati basi alitembenuze, mbali ya mchere ikhale kunja.

"Kuti mvula indidyere mchere wanga? Uvala momwemu. Ukabwera undibwezera thumba langa."

M'mawa mwake tinatsetsereka kulowera ku mtsinje wa Mudi, achimwene patsogolo atawala ndi malaya, ine pambuyo ngati katundu wothawa m'sitolo. Poyamba kunali kukanda chabe kwa chiguduli. Koma mawawa aja ananyowetsa thumba pang'onopang'ono, mchere n'kusungunuka, n'kuyamba kufunafuna paliponse pomwe udzu unandicheka, pomwe udzudzu unandiluma, ndi mizere ya chikwapu cha sabata yapitayo. Unapeza ponse. Pofika pasukulu msana wanga unali ngati ndagonera linthumbu.

Mzungu anabwera pa machila, amuna anayi akuwefuka nawo pa chitunda. Anali wofiira, wolankhula Chinyanja cha m'mphuno, koma wosakalipa. Anatiimika pamzere n'kuyamba kuloza zilembo pa bolodi. Ine ndinkazidziwa, pamenepa musandikayikire, chifukwa pa awirife wogwira msanga ndinali ine. Koma manja anga anali ndi ntchito yawoyawo. Ndinkakanda mapewa, ndinkakhula msana pa nsanamira, ndinkapinda miyendo ngati wovina. Ndiye mbuzi ya aphunzitsi, yomwe inali ndi mphuno yodziwa zabwino, inalowa pakhomo popanda chitseko paja, n'kudutsa ana onse, n'kudzayamba kunyambita m'munsi mwa malaya anga. Ndikaikankha inkabwerera. Anzanga anaseka mpaka ena anakhala pansi.

Mzunguyo anandiitana, anakweza thumbalo ndi nsonga ya ndodo yake, n'kuona msana wofiira wodzaza ndi zidzolo.

"Mphere," anatero. "Mwana uyu apite kwawo, angapatsire anzake. Akachira adzayesedwa ulendo wina."

Ndinayang'ana aphunzitsi, pakuti iwo mcherewo ankauona ukuyera m'mphepete mwa thumba. Anakhosomola n'kuyang'ana pansi. Sindikuwaimba mlandu. Masiku amenewo mzungu akati mphere, zinali mphere, ndipo munthu wa ana ake sakanataya ntchito chifukwa cha mwana wovala thumba. Inenso mwana ndikanayankha bwanji mkulu asanandifunse? Ndinatuluka, mbuzi ikundiperekeza mpaka pamtsinje.

Achimwene anasankhidwa. Amayi atamva zanga anandisambitsa okha ndi madzi ofunda, chinthu chomwe anali atasiya kalekale. Koma thumba sanalitaye. Analiviika mumphika monga anakonzera, ndipo abambo atalawa ndiwo za tsiku limenelo anati mwana wawo wakolera bwino.

Ulendo wina wa mzungu uja sunandipeze. Chaka chisanathe msana wa abambo unakana katundu, okhometsa msonkho wa nyumba sanamve za msana, ndipo nkhata ija inasamukira pamutu panga. Ndinasenza mabelo a thonje malo omwe lero mumati Ginnery Corner, kufikira nane tsitsi la pa liwombo linatsanzika. Achimwene anadzakhala kalaliki, wa nsapato ndi njinga. Tikakumana amandifunsabe ngati mphere zinatha, ine n'kuwakumbutsa kuti ukalaliki wawo anaupeza ndi kukula kwa mutu, osati za m'katimo.

Lero mchere ukugulitsidwa pa khomo lililonse, ana amautaya pansi osautola. Adzukulu anga ali ndi yunifolomu aliyense yake, ndipo wina analira dzana kuti sapita kusukulu chifukwa yake sinasitidwe. Ndinalibe mphamvu zomukalipira. Wamkulu wawo, wa ku sekondale, amabwera ndi nkhani zakuti akuwaphunzitsa njira zothetsera mavuto, kuti uyambe wadziwa vuto lenileni usanathamangire yankho. Ndimamuuza kuti ifenso tinkadziwa, kungoti pakhonde paja aliyense anali ndi lake. Abambo ankafuna kupuma, amayi ankateteza ndiwo za mwezi wonse, aphunzitsi ntchito yawo, mzungu ana ake asadwale. Palibe anali wopusa, ndipo aliyense lake analithetsa. Nchifukwa chake mpaka pano, munthu akaimirira pamsonkhano wa kutchalitchi kapena wa pabanja n'kunena kuti wapeza nzeru, ine sindifulumira kuomba m'manja. Ndimayamba ndafunsa kuti nzeruyo akaisoka adzaivale ndani.