Mchombo M'mbali mwa Njanji

M'nyumba ina ku Edenvale, ku Joni, momwe ndinagwira ntchito zaka zambiri, munali chithunzi chimene ndinkadana nacho kuposa kuchapa makatani. Chinali pakhoma la chipinda chodyera, chakalekale, chofiirira. Mzungu wandevu ataimirira pangolo, belu lili m'manja, pansi azungu anzake a zipewa atakweza mikono, kumbuyo kwawo njanji yongoyalidwa kumene ndi thengo lodzaza zikhomo. Kukabwera alendo, madamu anga ankaloza munthu mmodzi pagululo. "Agogo anga awa," ankatero, "tsiku limene ankagulitsa mapuloti oyamba, sitima itangofika. Kuno kunalibe kanthu, kunalibe munthu." Ine ndili chiimire ndi thireyi ya tiyi. Kunalibe munthu! Pakona pa chithunzi chomwecho panali anthu akuda atasenza mitolo ya zikhomozo, koma kaya madamu ankawayesa zitsa.

Ine kwathu ndi ku Thyolo, kufupi ndi Luchenza, ndipo za njanji ndi zikhomo sindinachite kuwerenga m'buku. Kwathu tiyi wa esiteti amathera pakhomo penipeni. Munda wa amayi unali woti ukaima pakati n'kulavula, malovu akagwera kwa aneba. Ndiye musatiseke ife akumeneko tikamva mawu oti malo n'kuyamba kunjenjemera. Ndi njala yobadwa nayo.

Mng'ono wanga ananditsatira ku Joni ndi mwamuna wake. Alamu angawo ndi munthu wofatsa mpaka kukwiyitsa, ndipo ankasenza makatoni ku Germiston. Ankachita lendi kachipinda kuseri kwa nyumba ya eni, pabwalo pothiridwa simenti mpaka kumpanda. Mng'ono wanga atakhala ndi pakati koyamba, panali chinthu chimodzi chimene chinkamusowetsa mtendere: mchombo wa mwanayo akaukwirira kuti? Kwathu mchombo ukagwa satayira kudzala ngati khoko la nthochi. Mayi ndi wamkulu mmodzi amaukwirira mwakachetechete panthaka yawo, ndipo pamenepo mpamene mwanayo adzati kwathu. Nanga simenti ya eni ungaikumbe?

Apa mpamene analowera a Tcheya. Anali wapampando wa bungwe lathu la maliro, lija timasonkherana kuti wina akatisiya thupi lake likafike kumudzi. Munthu wa jekete ngakhale kutenthe bwanji, nsapato zosongoka, mawu onona ngati majarini. Pamaliro ankalira kuposa anamfedwa. Tinkawakhulupirira chifukwa anali atatumizadi mitembo yambiri kumudzi, ndipo munthu amene wanyamula maliro a m'bale wako umachita naye manyazi kumufunsa mafunso.

Lamlungu lina pamsonkhano anatiuza kuti apatsidwa malo m'mbali mwa njanji yakale, kumene sitima zinasiya kudutsa akuba atamaliza mawaya onse. Anati kukubwera siteshoni yatsopano, ndipo wogula lero mawa adzakhala pakati pa tauni. "Abale anga, azungu anayamba chonchi," anatero. "Germiston yonseyi linali thengo. Iwo anaona njanji n'kukhoma zikhomo. Ife tidzakhala alendi mpaka liti?" Anthu m'manja phwaphwaphwa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Loweruka ndinapita nawo kukaona. Mayo ine! A Tcheya ataimirira kumbuyo kwa pikapu, m'manja muli belu lija ankatitontholetsa nalo pamsonkhano, pansi anthu akukweza mikono, kumbuyo njanji yadzimbiri ndi zikhomo zopaka penti yoyera. Chithunzi cha madamu chenicheni, kungosintha khungu. Ndinaseka mokweza mpaka anthu anatembenuka.

"A Tcheya," ndinafunsa, "malowa akupatsani ndani?"

"Mayi," anayankha akumwetulira, "inu luso lanu ndi kukolopa. Za malo tisiyireni ife."

Amuna onse anaseka, ndipo alamu anga anandikoka chitenje kuti ndisawachititse manyazi. Ndikanawalavulira a Tcheyawo pansapato, koma ndinaona nkhope ya mng'ono wanga, mimba ili kutsogolo, maso ali pa kapuloti kena kokhala ndi kamtengo pakona.

Nkhalambayo inkatidziwa bwino. Sinatulutse kanthu kalikonse kosonyeza kuti malowo ndi ake, chifukwa inkadziwa chimene chimakhazika pansi mtima wa munthu wa kwathu. Inatsika papikapu n'kuyenda malire. Iwo patsogolo, alamu pambuyo pawo, mboni zikutsatira. Pakona iliyonse ankaima, kuponda chikhomo ndi nsapato yosongoka ija, n'kufunsa kuti, "Mwaona nonse?" Gulu limvekere, "Taona!" Kumudzi malire akayendedwa chotero pamaso pa anthu, nkhani yatha, ngakhale zidzukulu sizingatsutse. Alamu anagwada pafumbi, anaomba m'manja, n'kupereka tambala wothokoza pamwamba pa zonse zimene anasunga chifikireni ku Joni. Palibe anakumbukira kuti kumudzi woyendetsa malire amakhala mwini nthaka, yemwe makolo ake agona pomwepo. Uyu anali mlendo mnzathu wobwera pabasi ngati ife tomwe.

Alamu anamanga mkhukhu, kanyumba ka malata akale ndi matabwa a mapaleti. Mwana anabadwa wamkazi. Mng'ono wanga ali m'chikuta, mchombo unagwa, ndipo poti amayi anali kutali, wamkulu ndinali ine. Tinadikira amuna achoke, tinapita kuseri kwa chitseko, ine n'kukumba ndi mpeni wa kukhitchini. Dothi lake linali lakuda, losakanikirana ndi phulusa la malasha ndi timiyala ta njanji. Anauika atakulunga m'kansanza, ndinakwirira, tinapondaponda. Kenako anandigwira dzanja.

"Achemwali," anatero, "mwana wanga ali ndi kwawo."

Ndisaname, ndinalira. Ndi pakamwa panga ponsepa, tsiku limenelo ndinakondwa, ndipo ndinapempha Mulungu kuti wopusa ndikhale ine.

Mwana atayamba kukwawa, eni njanji anakumbukira kuti ali ndi njanji. Foni inandipeza m'mawa ndikusita. Pamene ndinkatsika takisi n'kuti katapila atagumula mzere wonse wa mikhukhu. Amuna ovala maovolosi ankaponya malata m'lole, apolisi ataima patali akudya magwinya, mandasi a ku Joni. Ndinapeza alamu anga, munthu wosakweza mawu chibadwire, akukalipira kapitawo wa gululo. "Tinayenda malire! Mboni zilipo! A Tcheya anaponda chikhomo!" Kapitawoyo anawayang'ana ngati akuona wodwala, n'kufunsa m'Chizulu kuti Tcheya ameneyo ndi ndani. Alamu anatembenuka kufuna mboni zawo. Mboni zinali zikuthamanga ndi matiresi pamutu, chifukwa nazonso zinali zitagula.

Mng'ono wanga sanali kulimbana ndi munthu. Mapoto, bedi, zovala, zonse anangozisiya. Mwana ali kumbuyo, iye anali chogwada pakati pa dothi lotembenuzidwa, akufukula ndi zala. Ndinagwada naye. Koma chitseko chinali pati? Kamtengo ka pakona kanali katazulidwa, zikhomo zitapita, katapila atakankha dothi la puloti ino kukaliunjika pa ya wina. Tinkakumba apa, iye n'kuti ayi, panali chauko. Tikapita uko, ayi, tabwererani. Zikhadabo zinathyoka, zala zinatuluka magazi. Mmodzi wa amaovolosi anabwera n'kutifunsa ngati tinakwirira ndalama. Tinapitiriza kukumba. Dzuwa litapendeka anatithamangitsa, tinachoka manja ali akuda, opanda kanthu.

A Tcheya foni yawo inazima mwezi wathunthu. Kenako kunagwa maliro a mnyamata wina wa ku Mulanje, ndipo si awo atulukira, jekete yatsopano, misozi mbwembwembwe. Anauza anthu kuti nawonso anapusitsidwa ndi akuluakulu ena, kuti mtima wawo ukuwawa kuposa wathu. Ndinaimirira pomwepo pamaliro n'kuwatchula dzina lowayenera, lakuti mbava. Amene anatulutsidwa panja ndine. Amuna omwe aja anathawa ndi matiresi pamutu ndi amene anandigwira mikono, ati ndikunyoza maliro, ati nanga tikawachotsa a Tcheya adzatitumiza kumudzi ndani tikafa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Mpaka lero ndi wapampando, ndipo belu ndi lomwe lija.

Kuntchito madamu anaona zala zanga zomangidwa nsanza, ndipo nditawafotokozera anapukusa mutu. Anati n'zomvetsa chisoni, koma anthu asamangomanga pamalo poti si pawo. Ananena zimenezi atakhala pansi pa chithunzi cha agogo awo. Ndinapitiriza kupukuta galasi lake, ndipo ndinalimbikira pakona paja pali onyamula zikhomo.

Njanji ija anaikonza, anaikuza, n'kuthira miyala yatsopano pamene panali mzere wa nyumba. Siteshoni ya a Tcheya sinabwere, koma sitima zinayambanso kuyenda, ndipo ndi imene timakwera popita ku Germiston chifukwa ndi yotchipa kuposa takisi. Mwana uja tsopano ali pasukulu, amalankhula Chizulu kuposa Chichewa, ndipo amakonda kukhala kuwindo. Tikadutsa mlatho wachitsulo, amayi ake amasiya kulankhula ngakhale nkhani ili pakati. Sayang'ana panja. Amangonyamula mapazi onse awiri m'mwamba, osaponda pansi pa sitima, mpaka titadutsa pamalopo.

Ulendo wina mwanayo anaona, anaseka, nayenso n'kukweza timapazi take.

"Amayi, ndi masewera anji amenewa?"

"Kweza basi," anatero mng'ono wanga. "Tikudutsa kwanu."