Ndinagwada Kawiri ku Springfield

Ndinanyamuka ku Germantown m'mawa kukuzizira koti makutu ngati akuwacheka ndi lumo. Unali mwezi wa Febuluwale, koma abwana anga a Han, Mkoreya wa londile ya ku Foggy Bottom komwe ndinkasita zovala, anati kwawo chaka chatsopano chimayamba tsiku limenelo. Chaka chanji choyamba anzawo ataiwala kale makombola? Sindinatsutse. Dalaivala wa vani yoperekera zovala anali atasiya ntchito, ndipo ine nthunzi ya simbi inali itandifika m'khosi. Nditapempha ntchitoyo, a Han anati, "Vani ndi ya bambo anga. Ubwere kunyumba ku Springfield udzawapatse moni wa chaka, aone nkhope yako."

Achemwali anga a Esinati, omwe ndinkakhala nawo, anali atangoweruka kosamalira okalamba. Anandipatsa mandasi m'jumbo kuti ndisakalowe chimanjamanja.

"Iwe Dalitso, mkwiyo wakowo uusiye pansi pa bedi. Ukakalusa kumeneko, udzasita mpaka imvi."

"Ndinalusapo liti ine?"

"Si uku wayamba kale?"

Basi ya ku Shady Grove inandipeza zala zitasiya kumva. Pasiteshoni makina a matikiti analavula dola yanga kuti ndi yokwinyika. Ine wosita tsiku lonse, kukanika kuwongola kapepala! Ndinaipaka pabondo, ndinaitukwana chamumtima, kenako inalowa.

Ku Metro Center ndinasintha, kukwera sitima ya buluu. Mayi wina wa ku Zambia anakhala pafupi nane, mphuno ili pa jumbo.

"Iwe mwana, si vitumbuwa ivo vinunkhila?"

Ndinamutsegulira. Anatenga awiri, n'kufunsa komwe ndikupita. Nditamuuza, anaseka mpaka kutsamwa.

"Chaka chatsopano? Wachedwa maningi, ise tinadya kudala!"

Masiku amenewo njanji inkathera pa Van Dorn Street. Kuchoka apo ndinakwera takisi ya madola khumi, yomwe dalaivala wake anandifunsa ngati Malawi ili ku Hawaii. Ndinangoyang'ana pawindo, mano ali gwa.

Ndinafika dzuwa lili pamutu. Pakhomo panali nsapato mulu ngati pamzikiti. Nditavula zanga, chala chachikulu chinasuzumira pa sokosi. M'chipinda chochezera bambo awo a Han, nkhalamba yowonda ya ndevu zoyera, anakhala pansi, pa kakhushoni. Zidzukulu zitavala mikanjo yowala zinkabwera mmodzimmodzi: manja pamphumi, maondo pansi, mutu mpaka pansi, kamodzi basi. Mkuluyo ankanena mawu a madalitso n'kupereka kaemvulopu.

Ine ndinaganiza ngati Mmalawi. Kwathu ulemu sukhala wochuluka. Ana agwada kamodzi, nanga ine mlendo, wofuna vani? Ndinagwada, mphumi pansi. Ndinadzuka. Ndinagwadanso kachiwiri, mozama kuposa poyamba.

Akazi a Han anagwira pakamwa. A Han anandifinya phewa n'kunong'ona, "Wachita chiyani? Kawiri timagwadira akufa. Wawaika m'manda bambo anga tsiku loyamba la chaka!"

Magazi anandiwira. Mawu anali atafika kale palilime: munandiuza? Basi, sitima ziwiri, takisi, kuti mudzandiseke? Koma munthu sungakalipe uli chogwada, chala chili panja. Ndinameza. Vani ndinaiona ikubwerera chafutambuyo.

Mkulu uja anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anagona chagada, manja pachifuwa, maso atatseka. Kamdzukulu kena kanalephera kupirira, kanaphulika, onse n'kutsatira. Mkuluyo anadzuka akutsokomola ndi phwete, n'kuitanitsa chakudya.

Unali msuzi wa nyama ya ng'ombe wokhala ndi timapisi toyera ta ufa wa mpunga, toterera ngati therere. Akuti ukadya mbale imodzi tsiku limeneli, wakula ndi chaka chimodzi. Kwa ine anaika mbale ziwiri.

"Akuti iwe zonse umachita kawiri," anamasulira a Han. "Udye, mwina ukula msanga."

Ndinadya zonse. "Nanga vani?"

Mkuluyo analankhula, akuloza ine ndi ndasi la achemwali lomwe anali atayamba kale kuluma.

"Akuti vani utenga. Koma woika maliro ndiye amanyamula. Uzidzawatenga kuno m'mawa uliwonse, azikhala pambali pako."

Ndinabwerera ku Germantown ndi makiyi m'thumba. Kuyambira pamenepo ndinkayendetsa vani ndi nkhalamba yonditukwana m'Chikoreya pa loboti iliyonse, ine osatha kubweza ngakhale liwu limodzi. Achemwali anati Mulungu wandipezera mankhwala. Zomwe ndinatolapo ine n'zoti ulemu uli ngati mchere: mumphika wa eni ake, yamba wafunsa usanawonjezere.