Ufa pamutu pa ba Kochi

Ndinatseka chitseko changa ku Kafue Estates hafu pasiti faifi m'mawa Loweruka, nditavala nsapato za pa salaula zomwe wogulitsa analumbira kuti mwini wake woyamba anakwera nazo mapiri a ku Ulaya. Ndinali nditatha miyezi inayi m'Kafue chichokereni ku Chadiza, komwe ndinkaphunzitsa asanandisamutse. Miyezi inayi, abale, popanda munthu ndi mmodzi yemwe wogogoda pakhomo panga. Anansi anga ndi aulemu zedi, moni amakupatsa ndi hutala, galasi la galimoto lili chitsekere. Ndikanafera m'nyumbamo akanamva ndi mphuno. Ndiye mphunzitsi mnzanga atandilowetsa m'gulu la pafoni la anthu okwera mapiri, lomwe amati ndi la oyamba kumene ndi alendo m'tauni, ndinati basi, anzanga ndawapeza. Iye mwini sanabwere, akuti bondo.

Minibasi yopita kutauni inali teni kwacha. Kondakitala anayang'ana mapazi anga nthawi yaitali.

"Amai, muyenda kuti na nsapato za masoja?"

"Kukwera phiri."

"Kuli chani pamwamba?"

"Kulibe kanthu."

"Manje bakulipilani zingati?"

"Ndine ndalipira. Handiredi fifite."

Anatembenukira anthu onse m'basimo. "Mwamvela? Ndalama ziliko mu Zambia, ise chabe ndise tilibe!" Basi yonse inaseka mpaka kumsika, ine ndikubisa nsapatozo pansi pa mpando ngati ndaba.

Hafu pasiti sikisi tinakumana pafupi ndi siteshoni ya sitima, anthu khumi ndi anayi. Mtsogoleri wathu anali ba Mwape, koma aliyense amati ba Kochi: mluzu pakhosi, magalasi akuda dzuwa lisanatuluke bwino, ndi sipika yaikulu yomangirira pachikwama cha kumsana. Anayamba ndi kutiphunzitsa kuyenda. Sindikunama ayi, kuyenda kwenikweniku. "Chidendene poyamba, zala pambuyo!" Ine amene ndinayamba kusenza chigubu kuchokera kudambo ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu, ndinagwedeza mutu ngati mwana wa giredi wani. Kenako aliyense anatchula dzina ndi chimene wadzera. Ndinati, "Ndine Esinala, nifuna chabe kuchepesako thupi," m'Chinyanja cha m'tauni chomwe ndinachiyeserera pagalasi dzulo lake. Bodza. Koma mayi wa zaka makumi anayi angaime pakati pa anthu n'kunena kuti ndikufuna munthu wondidziwa? Akazi onse anali m'mathalauzi othina, choncho chitenje changa ndinachikankhira pansi penipeni pa chikwama.

Seveni koloko minibasi ya hayala inatitsitsa kuseri kwa Nangongwe, pomwe msewu umathera m'miyala. Tinayamba kukwera m'kanjira, sipika ikugunda, ba Kochi akuliza mluzu pakona iliyonse. Tisanafike patali tinakumana ndi mayi akutsika, thumba la makala pamutu, mwana kumbuyo, kumapazi patapata. Gulu lonse linaima n'kumuombera m'manja. Mayiyo anatiyang'ana mmodzimmodzi, ndodo zathu, mabotolo athu.

"Mwataya mbuzi?" anafunsa.

Ine ndinayang'ana kumbali, kuopa kuti angandizindikire kuti ndine mnzake.

Hafu pasiti naini tinafika pamwamba. Apa ndisaname, m'pokongola. Mtsinje wa Kafue ukuoneka ukupindika kutali, njanji, madenga a mafakitale, ndi mathiraki akukwawa pamsewu wa ku Lusaka. Koma anzangawo anaona zonsezi chafutambuyo, poti aliyense anafulatira mtsinje kuti ulowe m'chithunzi. Mtsikana wina dzina lake Mutinta, wogwira ntchito ku Lusaka, anadzakhala pambali panga. Mtima wanga unati myaa, ndati mnzanga uja ndi uyu. Anandipatsa foni yake kuti ndimujambule. Ndinamujambula kakhumi ndi kamodzi, ataima, atakhala, atadumpha. Pamapeto anati, "Zikomo anti," n'kunyamuka. Anthu anatulutsa maapulo ndi timapaketi ta nshawa ta m'shopu, ine kandolo wanga wophika, mbatata ya kwathu, ndinakadyera kuseri kwa mwala, ndi mkwiyo.

Leveni koloko ba Kochi anati titsikira njira yachidule imene foni yawo yawauza. Tinadutsa bambo wina akumata tayala la njinga pansi pa mtengo. Ndinati timufunse. "Ba Esinala, osayopa, mapu ili apa," anatero ba Kochi akugogoda foni. Safunsa anadya phula. Tinazungulira ola lathunthu m'minga, mpaka tinatulukira m'nyumba zakumapeto kwa Nangongwe dzuwa lili paliwombo.

Pamenepo ndinaona nthambi zaziwisi zitayalidwa mopingasa msewu. Ndinaima pomwepo.

"Ba Kochi, zimitsani sipika. Kutsogoloku kuli maliro."

"Awe, ni motoka chabe yafa. Apa ni tauni, si kumunzi."

Ena anaseka. Tinakhota pakona, ndipo tinalowa bwinobwino pakati pa siwa: tenti, mipando, amuna atakhala chete ndi fumbi la kumanda kumapazi, azimayi ali pamphasa. Ife khumi ndi anayi, m'zothina zathu, ndi nyimbo ya m'bala kumsana kwa ba Kochi. Mayo ine! Nyimbo ya kwaya inadukira pakati. Amuna awiri anaimirira. Ba Kochi anayamba kufufuza batani, sipika n'kukwera m'malo motsika.

Za m'tauni zonse zinandithawa. Ndinakhuthula chikwama pansi, n'kumanga chitenje, n'kugwada m'fumbi momwemo ndikuomba m'manja.

"Pepani, makolo athu. Tasochera, sitinadziwe kuti pano pagwa zovuta. Mutikhululukire, ndife ana."

Sipika inazima. Kuchokera kumoto kunabwera mayi wamkulu thupi, mthiko m'manja, thukuta lili chuchuchu. Anali amake Dalitso, ogulitsa kapenta kumsika, a ku Katete.

"Chichewa chimenecho n'cha kuti?"

"Ku Chadiza, amai."

"Ndiye mwagwadiranji ngati mlendo? Pano tataya nkhalamba ya Chibemba, inagwira ku njanji moyo wake wonse. Ntchito ndi yathu ife ambuya awo. Dzukani, mbale zikudikira."

Amene simudziwa chimbuya, mvetserani. Ife a kum'mawa kwa Zambia ndi Abemba timanyozana mwachibale. Iwo amati timadya mbewa, ife timati amadya anyani. Pamaliro awo timaphika ndife, kukumba ndife, ndipo akabwera kumanda timawapaka ufa ndi kuwaseka mpaka misozi iume. Wopakidwa saloledwa kukwiya.

Amake Dalitso analoza ndi mthiko. "Nanga wa disikoyu ndani?"

"Ndi ba Mwape."

"Mwape! M'Bemba weniweni, kubwera ndi disiko pamaliro a kwawo!" Anatapa ufa m'beseni n'kundikhuthulira m'manja onse awiri. "Ndi wanu ameneyu. Mwabwera naye ndinu."

Ndinaima ndi ufawo. Mutinta ndi ena onse ankandiyang'ana. Ndinadziwa kuti ndikachita, gulu lokhalo lomwe ndinali nalo m'Kafue latha. Ba Kochi anabwerera m'mbuyo pang'ono.

"Ba Esinala, osayesa. Iyi jezi ni ya ku Joni."

Ndikanawasiya, koma za chidendene poyamba zija zinandibwerera. Ndinawathira wonse, kuyambira pamutu, magalasi, mluzu, mpaka jezi ya ku Joniyo.

"Mbuya wanga," ndinatero mokweza, m'Chichewa cha kwathu, "m'phiri monse muja munkaliza mluzu kuitana ndiwo. Anyani akuthawani, ndiye mwati mudzadye pano?"

Tenti yonse inaphulika ndi kuseka. Amuna awiri aja anakhala pansi akugwira nthiti. Ngakhale mayi wamasiye, amene anali ataweramira pamphasa pakhonde, anadzutsa mutu n'kuseka, misozi ili m'masaya. Anandikodola ndi dzanja.

"Iwe mbuya, mbeba zasila ku Chipata kuti ubwele kuno? Yenda ukaphike, nshima ya bantu bako ili na mabulunga!"

Miyezi inayi ya ulemu, ndipo chipongwe choyamba chinandikoma mpaka ndinalira. Ndinalira ndithu, ndikupita kumoto.

Ba Kochi sanaseke. Anapukuta magalasi, n'kuliza mluzu womwe unangotulutsa ufa, n'kutsogolera anthu awo kumsewu. Mutinta anachedwa pang'ono, ndinati mwina atsala. Ankafuna kujambula mapoto. Amake Dalitso anamuthamangitsa ndi mthiko.

Ine ndinatsala. Ndinagawa nshima, kabichi ndi nyemba, ndinatunga madzi, ndinatsuka mbale mpaka zala zinachita makwinya. Ndinaphunzira maina ambiri masana amenewo kuposa miyezi yonse ija, ndipo aliyense wondifunsa dzina ankafunsanso mfunda ndi mudzi.

Faifi koloko ndinatsanzika. Nditayang'ana foni ndinapeza ba Kochi andichotsa m'gulu, atalemba kuti mamembala azilemekeza atsogoleri. Kuwawa kunandiwawa, ndisabise. Koma ndinaona kuti ndinalipira kuti andikweze phiri kukafuna anthu, pomwe anthuwo anali m'munsi muno, akusowa wowathandiza kutsuka mbale.

Amake Dalitso anati andiperekeza. Tinayenda wapansi kulowera ku Estates, iwo ndi patapata, ine ndikutsimphina m'nsapato za masoja.

"Mawa sikisi koloko mubwere," anatero. "Achibale a kutali sanapite, afunika tiyi. Mukachedwa ndidzakugwetserani chitseko."

"Kwanga simukudziwako, amai."

Anaima n'kundiyang'ana ngati ndine wopepera.

"Nanga mukuyesa ndikupita kuti apa?"